Tayala Lakumbuyo

Injini inalira pa kiyi wachitatu,
inatsokomola utsi wa zaka zinayi,
nkhuku za aneba n'kubalalika.
Ndinaponya giya. Kutsogolo kunavomera,
kumbuyo kunati toto.
Pijo ya bambo inagwada ngati mbuzi yokana msika,
tayala lakumanzere likukwekwereza dothi la ku Kawale,
kulemba mzere umodzi pabwalo.

A Lufeyo anafika pa kabaza kuchokera ku Biwi,
zida zili m'thumba la feteleza.
Moni wawo unali wa theka.
Anagwada, anasuzumira, ananunkhiza.
"Zagwira, sizinasiye. Anaiimika komaliza ndani?"
Ndinati bambo, Lachisanu lija
tisanawatengere kuchipatala.
Anakoka handibuleki mpaka dzino lomaliza,
monga ankachitira ndi chipata, ndi ndalama,
ndi mawu.

Jeke, njerwa ziwiri, manati anayi m'chipewa.
Tayala linatsika mosavuta,
koma dilamu inakana.
Ndinakweza hamala ndi manja onse.
"Iwe! Sukumenya wakuba.
Gogoda ngati uli pakhomo pa apongozi,
pang'onopang'ono, kuzungulira,
uzimvera pamene pakuyankha."
Go, go. Go.
Iwo ali chagada pa katoni,
akubweza nati yakumbuyo pang'ono, pang'ononso,
akutukwana dzimbiri ndi mayina a azibale ake.

Kenaka phwa!
Fumbi lofiira linatithira kumaso,
kangaude anatuluka osatsanzika.
M'katimo mavu anali atamanga nyumba
ya zipinda zitatu, osalipira lendi.
Nsapato za buleki zinasiya mapazi awo pachitsulo,
mvula zinayi zitazimata pomwepo.

A Lufeyo anazenga mlandu mmodzimmodzi.
Silinda: anaitsina, inabwerera mwaulesi, koma inabwerera.
Chingwe cha handibuleki: chouma m'chikopa chake
ngati mtsempha wa nyama ya dzana.
"Uyu ali ndi mlandu, koma sali yekha."
Chala chawo chakuda chinaima pansi,
pamene pamayenera kukhala sipuling'i.

Panali sipoko ya njinga.
Yopindidwa ndi pulayala, kawiri uku, katatu uko,
kumapeto kokhota bwino ngati chilembo
chimene bambo ankayambira nacho dzina lawo.
Ndinawaona: usiku wina pamsewu wa ku Mchinji,
tochi kukamwa, ife tikugona kumpando wakumbuyo,
iwo akuti mawa ndigula yeniyeni.
Mawa limenelo linatenga zaka zingati?
Tinapita nayo kumaukwati, kumaliro,
kukasiya Zelipa kusukulu,
miyoyo isanu ndi umodzi
itapachikidwa pa waya wa njinga.

"Anali ndi mutu mkuluyu," a Lufeyo anatero,
"koma waya sudziwa kubwerera.
Buleki si kugwira kokha, mphwanga.
Kugwira aliyense amatha."
Anafuna kuiponya kudzala.
Ndinaitola, ndinaiika m'thumba la malaya,
inandibaya pang'ono.

Masana onse: palafini, sandipepala,
ulendo wa kwa Malangalanga kukasaka sipuling'i
m'mulu wa zitsulo za galimoto zinzake zakufa,
mnyamata wogulitsa akulumbira kuti n'njatsopano.
Girizi pang'ono, osati pansapato.
Dilamu inalowa ngati chivundikiro.
A Lufeyo anazunguza tayala ndi chala chimodzi,
linazungulira, linazungulira,
likunong'ona chabe.

Titatsitsa jeke ndinachotsa njerwa
ndisanalowe m'katimo.
Bwalo lathu n'lotsetsereka, ndinali nditaiwala.
Pijo inanyamuka yokha, mwaulemu,
ngati munthu wochoka pamsonkhano usanathe,
kulunjika pa benchi ya tomato ya mayi Nasibeko.
Tinaithamangira, mkulu ndi mwana,
ine ndagwira chitseko, iwo bampala,
mapazi athu akulemba mizere inayi m'fumbi.

Inaima patatsala chikhatho chimodzi.
Tomato mmodzi anagwa yekha, ndi mantha.
A Lufeyo, akupuma ngati mvukuto, anati,
"Mawa tione zakutsogolo."